Gombe la nyanja yathu n'loyendeka ndi miyendo, bola kudziwa pokwerera ndi potsikira

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya zokopa alendo, makamaka pa mbali imene siimveka kawirikawiri, ya maulendo apansi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi amene munthu wopanda galimoto angafikeko pa minibasi, pa matola kapena pa sitima ya Ilala. Akuluakulu akamalimbikitsa Amalawi kuyendera dziko lawo, zithunzi zimene timaonetsedwa ndi za mahotela ndi magalimoto akuluakulu, ndipo mphunzitsi, namwino kapena wophunzira wa kukoleji akaona zimenezo amangoti nyanja ndi ya eni ndalama. Chonsecho njira za m'gombe zilipo kale. Anaziponda ndi asodzi, ana asukulu ndi amayi osenza madengu a usipa, ndipo zambiri zimayambira pamene minibasi imatsitsa anthu. Chimene chikusowa ndi uthenga wolondola, chifukwa amene amayesa osaudziwa amabwerako ndi matuza, ngongole ndi lumbiro lakuti sadzapitanso.

Tiyambe ndi lamulo limene limaposa ena onse pokonza ulendo wotere. Lowani ndi chokwera chosowa, tulukirani kumene kuli zokwera zambiri. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa. Amatsika minibasi pamsewu waukulu m'mawa ali ndi mphamvu, n'kuyenda tsiku lonse kulowera kumudzi wa kugombe kumene galimoto imatulukako imodzi m'bandakucha, kapena kumene sitima imadutsa kamodzi kulowera mbali iliyonse pa sabata. Akachedwa ndi ola limodzi lokha, agona komweko, mwina masiku angapo, ndalama zitatha. Mukatembenuza ulendowo, n'kuyamba mwakwera sitima kapena matola kukatsikira kutali, miyendo yanu imakubweretsani ku msewu wa M1 kapena M5 kumene minibasi zimadutsa mpaka madzulo. Kuchedwa kwanu sikukhalanso mlandu waukulu.

Tsono tione malo enieni, kuyambira kosavuta.

Ku Cape Maclear ndi kumene munthu woyamba kumene ayenera kuyesera miyendo. Wochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, kenaka msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay. Wochokera ku Lilongwe angadzere ku Salima kapena kutsika Khwekhwerere kukafika ku Golomoti. Musanalowe m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano ya ku Cape Maclear, ndipo kuchokera pamenepo mpaka m'mudzi wa Chembe ndi makilomita pafupifupi 18, amene anthu amawayenda pa kabaza wa njinga yamoto kapena pa matola. Fikani pamphambanopo dzuwa lisanapendeke, chifukwa kukamada zokwera zimachepa ndipo mtengo wa kabaza umakwera. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere ngati mphini zotemedwa pankhope, ndipo wakabaza mukamuuza poyambirira adzakuimirani.

Kuchokera m'mudzi wa Chembe, njira yaifupi ndi yolowera kumadzulo kukafika ku Otter Point. Ndi ulendo wa theka la tsiku kupita ndi kubwera, ngakhale kwa munthu woyenda modekha. Mumadutsa pachipata cha Lake Malawi National Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Pachipatapo pamalipidwa, ndipo Mmalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja, choncho nyamulani chiphaso chanu cha unzika ndipo landirani lisiti. Pafupi pomwepo pali manda a amishoni a Livingstonia, amene anayamba ntchito yawo pamalopa mu 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Chovuta cha njira iyi ndi miyala. Kumapeto kwake mumayenda pamatanthwe osalala amene amaterera akanyowa ndipo masana amatentha moti phazi lopanda nsapato silingapondepo. Anyani nawonso ndi ozolowera anthu. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, osati m'jumbo yonyamula m'manja, ndipo musawaponyere kanthu.

Ofuna ulendo wotalikirapo angakwere mapiri a kuseri kwa mudziwo kapena kulowera ku Msaka, mudzi wina wa asodzi wa m'dera lomwelo. Apa musapite nokha. Tinjira ta otola nkhuni timaphukira mbali zonse, ndipo tonse timaoneka ngati njira yeniyeni mpaka titathera pachitsa. Pezani wolondolera alendo wodziwika kwa oyang'anira paki kapena kwa eni malo ogona, ndipo gwirizanani mtengo, kumene mukafike ndi nthawi yobwerera musananyamuke.

Ku Salima nkhani yake ndi yaifupi. Minibasi za ku Lilongwe zimakusiyani paboma, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay, zokwera zosasowa. Gombe lake ndi lamchenga ndipo pali phiri la Senga lokwereka m'maola ochepa. Ndi ulendo wa tsiku limodzi kwa wokhala ku Lilongwe, akanyamuka m'mamawa. Dziwani chabe kuti m'derali muli malo a asilikali, ndiye funsani kumene kuli kololedwa musanayambe kukwera kapena kujambula.

Msewu wa M5 pakati pa Kande, Bandawe ndi Chintheche ndi mphatso kwa woyenda pansi, chifukwa umayenda motsatira nyanja pamtunda wochepa. Mungatsike pa siteji imodzi, kulowera kugombe, kuyenda pamchenga maola atatu kapena anayi, n'kutulukira pa siteji ina. Mukatopa pakati panjira, kanjira kalikonse kolowera kumtunda kadzakufikitsani pamsewu. Ku Bandawe wakale kuli tchalitchi cha amishoni aja ndi manda awo, pamene anakhala asanakwere mu 1894 ku Khondowe, kumene lero kumadziwika kuti Livingstonia. Koma musanamizidwe ndi kusalala kwa gombeli. Mchenga umadya mphamvu. Munthu amene pamsewu amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola, pamchenga wouma amatsika kufika pa 2 kapena 3, ndipo akatumba a m'miyendo amayamba kukokana ola lachiwiri lisanathe. Yendani pamchenga wonyowa m'mphepete mwenimweni mwa madzi, pamene pali polimba. Gombe likakhala lopendekeka, mwendo umodzi umagwira ntchito kuposa unzake ndipo bondo limatupa, choncho muzisinthasintha, pena pamchenga, pena m'kanjira ka m'midzi.

Vuto lalikulu la gombe lamchenga ndi mathiriro a mitsinje. Pamene mtsinje ukulowa m'nyanja pamakhala mabango, madzi odikha ndi matope, ndipo malo otere ndiwo a ng'ona ndi mvuu. Musawoloke chifukwa choti madzi akuoneka olekeza m'mawondo. Funsani asodzi pamene anthu amawolokera. Ngati pali bwato lowolotsa anthu, lipirani, ndipo ngati palibe, bwererani kumsewu mukawoloke pamlatho. Makilomita awiri owonjezera sapha munthu. Mvuu zimatuluka kukadya usiku n'kubwerera m'madzi m'bandakucha, ndiye kuyenda m'mabango kusanayere bwino ndi kudziika pakati pa mvuu ndi madzi ake, pamene imalusa koposa.

Tifike tsopano kumene kuli ulendo weniweni, kumpoto kwa Nkhata Bay. Apa mapiri amagwera m'nyanja mwachindunji, madzi ndi akuya, ndipo msewu wa phula umathawira kumtunda kudzera ku Mzuzu n'kudzabwerera kunyanja pa Chiweta. Pakati pa Nkhata Bay ndi Chiweta pali gombe lalitali la midzi monga Usisya, Ruarwe, Tcharo ndi Mlowe, kumene njira yaikulu ndi miyendo ndi boti. Ife timati palibe gombe lina m'Malawi muno lofanana nalo pa kukongola, komanso palibe lina limene limalanga munthu wosakonzekera ngati limeneli.

Kufika ku Nkhata Bay n'kosavuta, ndi makilomita osakwana 50 kuchokera ku Mzuzu ndipo minibasi ndi masienta sizisowa. Wofuna kutenthetsa miyendo angayende kuchokera kudoko kukafika ku Chikale, mtunda wa makilomita ngati awiri wokwera ndi kutsika, atayamba waima pachikumbutso cha anthu amene anaphedwa padokoli pa 3 Malichi 1959. Koma wofuna kulowera kumpoto ayenera kuidziwa Ilala. Sitimayi inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ndipo kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yakuti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, imadzera ku Likoma ndi Chizumulu, imachoka ku Nkhata Bay Lamulungu m'mawa kulowera ku Usisya, Ruarwe mpaka Chilumba, kenaka Lolemba imatembenuka kubwerera kummwera. Tanena kuti kwa zaka zambiri chifukwa ndondomekoyi imasintha, sitima ikapita kokonzedwa kapena nyanja ikalusa. Musakonze ulendo potengera zimene munamva chaka chatha. Funsani kudoko sabata yomweyo, ndipo funsaninso tsiku loti mawa mukwera.

Potsatira lamulo tinayamba nalo lija, dongosolo labwino ndi ili. Kwerani Ilala Lamulungu ku Nkhata Bay, tsikirani ku Ruarwe, gonani komweko. Lolemba m'mamawa yambani kuyenda kulowera kumpoto, kudzera ku Tcharo mpaka ku Mlowe, ulendo wa masiku awiri kwa ozolowera ndi atatu kwa oyenda modekha. Ku Mlowe kumafika msewu, ndipo kabaza kapena matola zidzakutulutsirani pa Chiweta, pa M1, pamene pamadutsa minibasi za pakati pa Karonga ndi Mzuzu. Dongosolo lina, lalifupi, ndi lofika ku Usisya Loweruka pa matola ochokera ku Mzuzu, kugona, kuyenda Lamulungu m'bandakucha kupita ku Ruarwe, ulendo wa maola 5 mpaka 7, n'kudikira sitima ya Lolemba yobwerera ku Nkhata Bay. Limeneli lili ndi chiopsezo chake, chifukwa likukutulutsani ndi chokwera chosowa. Mukalisankha, khalani ndi ndalama zapadera za chakudya cha masiku awiri ndi za boti. Chimene sitingalangize munthu ndi kutsika sitima ku Usisya dzuwa litakwera kale n'kuyamba pomwepo kuthamangira ku Ruarwe. Mudzayenda gawo lovutitsitsa nthawi ya dzuwa la paliwombo, ndipo mdima udzakupezani pamatherezi.

Msewu wa ku Usisya nawo ndi wofunika kuufunsa. Umatsika phiri lalitali, ndi wafumbi, ndipo nthawi ya mvula magalimoto amatha kulephera kudutsa. Matola ake ndi ochepa ndipo amanyamuka akadzaza, osati nthawi ikakwana.

Pa kukwera ndi kutsika sitima pali zoti munthu adziwiretu. M'madoko ambiri ang'onoang'ono sitima siigunda kumtunda. Imaima pakuya, ndipo anthu ndi katundu amatengedwa ndi maboti ang'onoang'ono, amene nawonso nthawi zina amalekeza pamene madzi ali m'chiuno. Ndiye kuti tsiku lokwera sitima ndi tsiku lonyowa. Foni, ndalama, chiphaso, machesi ndi zovala zogonera muzikulunge m'mapepala apulasitiki awiri, limodzi mkati mwa linzake, musanaziike m'chikwama. Nsapato zoyendera muzimangirire pamwamba pa chikwamacho ndipo mutsike ndi patapata, chifukwa nsapato yonyowa tsiku loyamba ndi matuza tsiku lachiwiri. Chikwama chisenzeni pamutu potsika m'boti. Musalimbirane pamakwerero a sitima, boti limabwereza maulendo. Ndipo ngati mwaganiza zokwera maboti amatabwa amene amanyamula anthu ndi katundu m'gombeli, yang'anani zinthu ziwiri musanalipire: kuti m'mphepete mwa boti mwatsala malo otani pamwamba pa madzi, ndiponso ngati muli majekete oyandamitsa munthu. Boti lodzaza mpaka m'milomo silikhululuka mphepo ikadzuka.

Mphepo imeneyi ndiyo ikutifikitsa pa nkhani ya nyengo. Miyezi yabwino kuyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene kunja kwazizira ndipo mitsinje yaphwera. Koma miyezi yomweyi ndi ya mwera, mphepo ya kummwera imene imautsa mafunde aakulu, kuchedwetsa sitima ndi kuletsa maboti kutuluka, nthawi zina masiku angapo otsatizana. Choncho nyengo yokomera miyendo ndiyo yovuta pamadzi, ndipo ndi chifukwa chinanso chotulukira kumsewu m'malo modalira boti. Okutobala ndi Novembala nyanja imadekha koma kutentha kwa kugombe kumafoola ngakhale ozolowera, ndipo tchire limakhala likupsa. Nthawi ya dzinja, makamaka kumpoto kumene mvula imapitirira mpaka Epulo, timitsinje totsika m'mapiri timadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene muli simunagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda. Madzi akakhala ofiira, othamanga ndi opitirira m'mawondo, khalani pansi mudikire. Mitsinje yotereyi imaphwera m'maola ochepa.

Onjezani pamenepo kukwera kwa nyanja yeniyeniyo. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri, n'kumiza magombe, nyumba ndi malo ogona alendo m'maboma angapo. Kanjira kamene zaka zapitazo kanali pamchenga lero kangakhale pansi pa madzi, ndipo njira yolambalala imakwera phiri. Mapu a pafoni sadziwa zimenezi. Amadziwa ndi mwana wasukulu amene wadutsapo m'mawa uno.

Kawerengedwe ka nthawi m'gombe la mapiri n'kosiyana ndi ka pamsewu. Njira imatsikira kudoko lililonse n'kukweranso chitunda chotsatira, mwina kakhumi pa tsiku, ndiye makilomita okha sanena zoona. Werengerani ola limodzi pa makilomita atatu aliwonse, muonjezere ola lina pa mamita 400 aliwonse okwera, ndi mphindi khumi zopuma pa ola lililonse. Nyamukani kukangoyera, cha m'ma 5:30, kuti pofika 11 koloko mukhale mutadula gawo lalikulu. Pumani pamthunzi mpaka cha m'ma 2 koloko, ndipo konzani zofika pogona pasanakwane 4:30, chifukwa kuno kwathu mdima umagwa msanga 6 koloko ikamakwana, ndipo kuseri kwa mapiri a kumadzulo kwa nyanja dzuwa limabisala nthawi isanakwane. Mukafunsa mtunda kwa eni dera n'kukuyankhani kuti ndi pafupi, funsaninso kuti iwo akanyamuka dzuwa likutuluka amafika dzuwa lili pati. Nthawi imene akuuzeniyo muiwirikize kamodzi ndi theka, popeza iwo njirayo anakulira momwemo.

Katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 60 asasenze zoposa 12, madzi ali momwemo. Madziwo ndi malita atatu kapena anayi pa tsiku nyengo yozizira, ndi asanu kapena kuposa nthawi yotentha. Simungasenze onsewo, ndiye nyamulani mabotolo awiri a malita awiriawiri ndi mankhwala otetezera madzi, muzitunga pamijigo pamene ilipo. Madzi a m'nyanja pafupi ndi mudzi musamwe osawiritsa kapena osathira mankhwala, ndipo mukathira dikirani mphindi 30. Tonse tikukumbukira mmene kolera ya 2022 ndi 2023 inasautsira maboma a m'mbali mwa nyanja. Thukuta limachotsa mchere m'thupi, ndipo munthu amene akumwa madzi okhaokha amayamba kumva mutu, chizungulire ndi kukokana kwa minofu. Nyamulani mapaketi a Thanzi, limodzi pa lita imodzi ya madzi. Akasowa, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi. Mkodzo ukayamba kuchepa ndi kuderako, musadikire ludzu, imani mumwe.

Chakudya cha panjira chikhale chosaonongeka ndi dzuwa: mtedza wokazinga, chiponde, mbatata kapena chinangwa chootcha, nthochi, buledi. M'midzi ya ku Nkhata Bay mudzapeza kondowole ndi nsomba, chakudya chokhalitsa m'mimba, koma kwa wosazolowera ndi bwino kudya madzulo mutafika kusiyana ndi masana chitunda chili patsogolo. Timagolosale ta m'midzi yopanda msewu timadalira boti, ndiye musayembekeze kupezamo zonse. Ndalama nyamulani zogwirika ndi zosinthasintha. Netiweki imaduka kuseri kwa mapiri, ndipo ngakhale mutapeza wothandiza za Airtel Money kapena Mpamba, m'mudzi waung'ono angakhale alibe ndalama zokwanira zokupatsani.

Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi, zotseka, za mapazi ogwira pamwala. Nsapato yatsopano ndiyo mayi wa matuza. Masokosi akhale mapeyala atatu, kuti lina likamauma pachikwama lina lili kuphazi. Mchenga ukalowa m'nsapato imani muukutumule nthawi yomweyo, chifukwa umapala khungu ngati tupa. Pamene payamba kutentha paphazi matanipo pulasitala thuza lisanatuluke. Onjezani chipewa, chitenje, tochi, neti yotetezera udzudzu ndi kachingwe koimangira. Chitenje n'chofunda, n'chopukutira, n'chomangira bala, ndipo kwa amayi n'chovala cholowera m'mudzi mwaulemu. M'miyezi ya Juni ndi Julaye chenjerani ndi chitedze m'tinjira ta m'tchire. Ubweya wake ukakugwerani musakande, chifukwa mukuulowetsa m'khungu. Valani thalauza ndi malaya a manja aatali podutsa m'mathengo, ndipo poponda kuseri kwa mwala kapena chipika yambani mwayang'ana, pakuti mphiri siithawa munthu.

Za likodzo tinene mosabisa, chifukwa ambiri amazinyalanyaza. Tizilombo take timakhala m'nkhono za m'madzi osaya, odikha, a udzu ndi mabango, makamaka pafupi ndi midzi, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuwoloka. Kupukuta thupi msanga kumathandiza pang'ono koma sikuteteza kwathunthu. Mankhwala ake, praziquantel, amagwira nyongolotsi zikakula, ndiye kumwa tsiku lotsatira mutasamba n'kutaya mankhwala. Pitani kuchipatala pakatha masabata 6 mpaka 8, kapena msanga mukaona magazi mumkodzo, ndipo akupatseni mlingo wolingana ndi kulemera kwanu. Thupi likatentha masiku angapo mutabwerako, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Pali china chimene mapu salemba, ndicho ulemu. Njira zimenezi zimadutsa pakhomo pa anthu. Midzi yambiri ya m'gombe ili ndi doko losambira amuna ndi la akazi, ndipo kanjira kamatha kutulukira pomwepo mosayembekezera. Odirani mokweza musanakhote pathanthwe, ndipo mukauzidwa kuti mudikire, dikirani. Musalumphe makoka oyanikidwa, musagwire nsomba za pathandala, musadutse m'manda ngakhale njira yachidule ikuoneka kuti yalowera m'msitu umenewo. Kujambula munthu kumayamba ndi kupempha. Mukafika m'mudzi mopanda malo ogona alendo, pitani kwa a mfumu dzuwa lisanalowe, fotokozani kumene mwachokera ndi kumene mukupita, ndipo adzakuonetsani pogona, kaya pasukulu kaya patchalitchi. Kangachepe m'manja n'koyenera, ndipo chakudya chimene akuphikirani lipirani. Ku Nkhata Bay amalankhula Chitonga, chakumpoto kwake Chitumbuka, ku Mangochi ambiri Chiyao. Chichewa chimamveka pafupifupi konseko, koma moni wa eni dera, ngakhale "monire" ndi "yewo" chabe, amatsekula makomo.

Likoma tingoitchula mwachidule, ngakhale iyenera kalata yakeyake. Chilumbachi n'chaching'ono, masikweya kilomita pafupifupi 18 kukula kwake konse, ndipo munthu angachiyende mbali zonse m'masiku awiri, pakati pa milambe ndi timagombe tamchenga, mapiri a ku Mozambique akuonekera tsidya. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, chokha n'chokwanira ulendo. Ndondomeko ya sitima imakupatsani masiku ochepa pakati pa ulendo wopita kumpoto ndi wobwerera, ndiye werengerani bwino. Mthunzi ndi wochepa pachilumbapa, yendani m'mawa ndi madzulo. Ndipo amene watulukira pa Chiweta miyendo ikadali ndi mphamvu angapitirire pa minibasi mpaka pa Chitimba, n'kukwera msewu wa Gorodi wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona 20 kukafika ku Livingstonia, akudzera ku mathithi a Manchewe.

Akonzi, tafotokoza zonsezi kuti pempho lathu limveke kuti si la ndalama zambiri. Makhonsolo a Mangochi, Salima, Nkhata Bay, Rumphi ndi Likoma, pamodzi ndi nthambi ya zokopa alendo, angayambe ndi zikwangwani. Pa siteji pamene njira ikuyambira pakhale chikwangwani chonena dzina la njira, maola oyenda, pamene pali mjigo, pamene pali chipatala chapafupi ndi nthawi imene galimoto yomaliza imanyamuka. Chilembedwe m'Chichewa ndi m'chiyankhulo cha deralo, osati m'Chingerezi chokha, popeza tikuti tikufuna Amalawi. Pamphambano za m'tchire utoto pamwala ndi wokwanira, ndipo sungabedwe ngati chitsulo. Ndondomeko ya sitima, ndi kusintha kwake kulikonse, izilengezedwa pawailesi ndi kumatidwa m'madepoti a basi a ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, kuti munthu adziwe asanalipire minibasi yopita kudoko. Achinyamata a m'midzi ya m'gombe amene akulondolera kale alendo aphunzitsidwe chithandizo choyamba, apatsidwe ziphaso, ndipo mitengo yawo ikhale yolembedwa poyera kuti pasakhale kukangana panjira.

Pempho lomaliza ndi la mipanda. M'madera ena a Mangochi ndi Salima eni mapuloti amanga mipanda yofika m'madzi, ndipo woyenda m'gombe, kaya ndi mlendo kaya ndi mayi wopita kukachapa, amakakamizika kulowa m'madzi kapena kuzungulira kumsewu. Si onse amene amachita zimenezi, ndipo ambiri a eni malo ogona amalandira bwino oyenda pansi chifukwa ndi makasitomala awo. Koma khonsolo ikamavomereza mapulani omanga m'mbali mwa nyanja, iziika polemba kuti pasiyidwe mpata wodutsa anthu pakati pa mpanda ndi madzi, poganiziranso zaka zimene nyanja imakwera, ndiponso kanjira kochokera kumsewu kufika kugombe pakati pa mapuloti. Pamene mipanda inamangidwa kale, makhonsolo akhale pansi ndi eni ake ndi mafumu, agwirizane za zipata zimene zizikhala zotsekula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Ndife owerenga anu,
Mzuzu